Amayi, Phiri Likukudikirani

Inu amayi a ku Chibavi, Katawa ndi Masasa, mukamasesa pabwalo m'mamawa mumaona mapiri a Kaning'ina chakum'mawa kwa mzinda wathu wa Mzuzu. Kodi mudayamba mwaganizapo zokaima pamwamba pake?

Mwina mukuseka. Amene mudakulira kumudzi munena kuti mapiri mudakwera okwanira, mtolo wa nkhuni uli pamutu, mwana ali kumbuyo. Nzoona. Koma kukwera kumene tikunena pano nkwina: nkopita wopanda katundu, cholinga chili kulimbitsa thupi ndi kupumitsa maganizo. Ambirife titafika m'tauni tidaleka kuyenda. Timatandala pamsika, pamakina osokera kapena mu ofesi, ndipo pobwerera timakwera kabaza. Matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi amakonda thupi lotere.

Tsono musayambe ndi phiri lalikulu, pakuti kuthamanga sikufika. Yambani ndi zitunda za kwanu komweko, kawiri kapena katatu pa sabata, mpaka mutamakwera popanda kupuma wefuwefu. Ngati mumadwala mtima, kapena muli ndi pakati, yambani mwafunsa kuchipatala. Mukazolowera, pemphani chilolezo kwa a zankhalango, mupeze munthu wodziwa njira, mukalowe ku Kaning'ina. Kumeneko mudzaona kumene kumachokera madzi a mtsinje wa Lunyangwa, amene timamwa mumzinda muno, ndipo mudzamvetsa chifukwa chake kuotcha makala m'nkhalangoyi kuli kudziphera tokha chitsime.

Chaka ndi chaka muziwonjezera. Ku Mzimba kuli phiri la Hora. Ku Livingstonia mungakwere pansi kuchokera ku Chitimba, kutsata msewu wokhotakhota wa Gorodi, mukaone mathithi a Manchewe ndi mishoni imene Dr Robert Laws adakhazikitsa mu 1894. Ku Nyika kuli nsonga ya Nganda, yopitirira mamita 2,600. Ndipo tsiku lina mudzalakalaka Sapitwa wa ku Mulanje, wa mamita 3,002, amene aposa mapiri onse m'Malawi.

Nyengo yabwino ndi kuyambira Meyi mpaka Okutobala, pamene njira siziterera. Nyamukani dzuwa lisanatuluke ndipo mutsike kusanade. Tengani madzi okwanira, mbatata yophika, nthochi ndi mtedza. Valani nsapato zosaterera, osati zatsopano, ndipo juzi musaisiye, popeza kuzizira kwa Juni ndi Julayi mukukudziwa. Nkhungu ikakutsekerani, khalani pansi mudikire. Musasonkhe moto kutchire, ndipo koposa zonse musapite nokha: kali kokha nkanyama.

Nanga pakhomo? Kambiranani ndi abambo nthawi ikadalipo, ndipo ngati nkotheka apite nawo pamodzi ndi ana okulirapo. Amayi a mpingo kapena a banki m'khonde mukhoza kusonkherana ya galimoto pang'onopang'ono.

Musalole wina akuuzeni kuti izi nza amuna kapena za alendo okha. Junko Tabei wa ku Japan, mkazi woyamba kufika pamwamba pa Everest mu 1975, adali mayi wapabanja, wa mwana wamng'ono. Mu 2019 Saray Khumalo, wobadwira ku Zambia, adakhala mkazi wachikuda woyamba wa mu Africa kufika pansonga yomweyo.

Loweruka likubwerali, chapani msanga, muitane anansi anu awiri, mukayambe ndi chitunda chimene mumachiona tsiku ndi tsiku.