Lembani mtengo kamodzi, uwonekere ponseponse

Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ogulitsa simenti, malata ndi feteleza, kuyambira pa Madziabango mpaka ku Lirangwe, anafufuta mitengo pa zikwangwani n'kulemba ina.

Koma kwa amene amatsatsa malonda pa intaneti, ntchito imakula. Ukasintha mtengo pa webusaiti n'kuiwala pa app ya pafoni, kasitomala amatumiza ndalama pa Airtel Money kapena TNM Mpamba potengera mtengo wakale, mkangano n'kubuka.

Apa ndi pomwe pakulowa headless CMS. Ili ngati nkhokwe: mwini bizinesi amasungamo dzina la katundu, mtengo ndi chithunzi. Webusaiti ndi app zimakatapa momwemo kudzera pa njira yotchedwa API. Mukasintha m'nkhokwe, kwasinthika konse.

Mapulogalamu otere ndi monga Strapi ya ku France, yomwe mutha kuitenga mwaulere, ndi Contentful ya ku Germany.

Vuto lake ndi loti ilibe tsamba lakelake lowonetsera katundu, choncho mulipira katswiri wa kompyuta kuti akumangireni. Wa okala, WhatsApp ikumukwanira. Koma wa masitolo angapo aganizepo kwacha isanagwenso.