Kusaka Tinthu ta Mumlengalenga Pansi pa Madzi Oundana

Usana ndi usiku, dziko lapansi limawombedwa ndi tinthu ting'onoting'ono tochokera kutali mumlengalenga, timene asayansi amatitcha ma cosmic ray. Pafupifupi 90 pa 100 ali onse ndi ma proton, ndipo amathamanga liwiro loyandikira la kuwala. Akagunda mpweya wokuta dziko, pamabadwa tinthu tina tambirimbiri totsika ngati mvula. Tina mwa ito, totchedwa ma muon, timaboola malata a nyumba za ku Mtendere mu Lusaka, kudutsa m'thupi la munthu ali mtulo, n'kukalowa m'nthaka. Pachikhatho chotambasula pamadutsa pafupifupi kamodzi pa sekondi iliyonse, koma mwini dzanja samva kanthu.

Amene anatsimikiza kuti tinthuti timachokera kumwamba ndi Victor Hess wa ku Austria. Mu 1912 anakwera m'chibaluni mpaka mamita oposa 5,000, ndipo anapeza kuti akamakwera, mphamvu yake imawonjezeka m'malo mochepa. Analandira mphoto ya Nobel mu 1936.

Funso limene lavutitsa asayansi chiyambire nthawiyo ndi lakuti kwawo kwa ma cosmic ray amphamvu kwambiri n'kuti. Popeza ali ndi mphamvu yamagetsi, maginito a mumlengalenga amawakhotetsa paulendo wonse, moti akamafika kuno mapazi awo amakhala atafufutika. Mboni yodalirika ndi kanthu kena kotchedwa neutrino, kamene kamabadwira komwe ma cosmic ray amagundana ndi zinthu zina. Iko kalibe mphamvu yamagetsi, choncho kamayenda chowongoka, ndipo kakhoza kuboola dziko lonse osakhudza kalikonse. Ubwino wake umenewu ndiwonso vuto lake: kanthu kosagunda chilichonse n'kovuta kukagwira.

Chiyambi cha ntchito yogwira ma neutrino achilengedwe chili pafupi ndi kwathu kuno. Frederick Reines wa ku America ndi Friedel Sellschop wa ku yunivesite ya Witwatersrand anaika makina awo pansi pa mgodi wa golide wa East Rand Proprietary Mines ku Boksburg, makilomita oposa 3 kuchoka pamtunda. Limeneli ndi dera la migodi ya ku Joni, kumene azibambo ambiri a ku Malawi ankapita kukagwira ntchito kudzera mu bungwe la Wenela. Thanthwe lokhuthalalo linkasefa ma muon ochuluka ochokera pamwamba, ndipo pa 23 February 1965 makinawo anajambula chizindikiro cha neutrino wachilengedwe, wobadwira mumpweya wa dziko lapansi. Mbiri imeneyi ndi yofunika kuti ana asukulu a kuno aziidziwa.

Koma kuti agwidwe ma neutrino ochokera kutali zedi, pankafunika msampha waukulu kuposa umene mgodi ungasunge. Gulu lotsogoleredwa ndi Francis Halzen wa ku University of Wisconsin-Madison linasankha South Pole, ku Antarctica, kumene madzi oundana ndi okhuthala pafupifupi makilomita 3. Pansi penipeni pali mdima wandiweyani, ndipo kulemera kwa ayezi wa pamwamba kunafinya timatumba ta mpweya mpaka ayeziyo n'kuyera mbee ngati galasi.

Msamphawo, wotchedwa IceCube, unamalizidwa mu December 2010. Amisiri ankaboola ayezi ndi madzi otentha, ndipo ankagwira ntchito m'miyezi yochepa yokha ya November mpaka February, pamene dzuwa sililowa kumeneko. Anaboola mayenje 86, ndipo m'dzenje lililonse anatsitsiramo chingwe chokhala ndi mipira yagalasi 60, uliwonse waukulu ngati dzungu. Mipira yonse ya m'mayenje 86 amenewa ndi 5,160, ndipo ili pakati pa mamita 1,450 ndi 2,450 kupita pansi, m'chigawo cha ayezi cha kilomita imodzi m'litali, m'lifupi ndi kuya komwe. Madzi a m'dzenje akaundananso, zatha: mpira ukawonongeka palibe woutulutsa kuti aukonze.

Mwa apo ndi apo, neutrino mmodzi amagunda atomu ya mu ayezi n'kutulutsa kanthu kothamanga kuposa mmene kuwala kumayendera mu ayezimo. Pamenepo pamang'anima kuwala kwabuluu kotchedwa Cherenkov. Mpira uliwonse umalemba nthawi imene waona kuwalako ndi kuchuluka kwake, ndipo makompyuta amawerengera kumene kanthuko kachokera ndi mphamvu yake. Pamtunda palinso matanki 162 a ayezi, otchedwa IceTop, oyeza mvula ya ma cosmic ray ija isanalowe pansi.

Mu 2013 gululi linalengeza kuti lapeza ma neutrino amphamvu kwambiri ochokera kunja kwa dera la dzuwa lathu. Pa 22 September 2017 linagwira mmodzi, ndipo pasanathe mphindi imodzi uthenga unali utapita kwa openda zakumwamba padziko lonse. Iwo atayang'ana mbali imeneyo, cha ku nyenyezi za Orion, anapeza mlalang'amba wotchedwa TXS 0506+056 ukuwala modabwitsa. Mu 2022 umboni unaloza mlalang'amba wina, NGC 1068, ndipo mu 2023 IceCube inajambula ma neutrino ochokera mumlalang'amba wathu womwe wa Milky Way, mkanda woyera uja umene umaoneka bwino pamwamba pa Mtendere usiku wopanda mwezi magetsi akathima.