Amene Amagwira Tsache Sabata Yoyamba

Januwale mu Lusaka amabwera ndi mvula. Makolo amathithikana m'masitolo a ku Kamwala kufunafuna yunifolomu ndi nsapato zakuda, ndipo ana akafika pasukulu, kaya ku Kabwata kaya ku Chelstone, amapeza udzu utafika m'mawondo. Ntchito yoyamba imakhala ya chikwakwa ndi tsache. M'masiku omwewo mphunzitsi amasankha monitala, n'kumupatsa udindo wolemba mayina a olongolola.

Ambiri amayesa kuti sabata imeneyi ndi yotaya, maphunziro enieni sanayambe. Ine ndimaona kuti mwana amaphunzira zambiri m'masiku amenewa. Amadziwiratu ngati m'kalasimo munthu angakweze mkono n'kunena kuti sanamve, kapena ngati chanzeru n'kukhala duu.

Ku Japan sukulu zimatsegulira mu Epulo, ndipo nakonso ana amasesa okha makalasi. Kusiyana kwake n'kwakuti kumeneko kusesa ndi kwa aliyense, tsiku lililonse, nthawi zambiri aphunzitsi ali pomwepo. Kwathu kuno tsache limagwera kwambiri wochedwa ndi wolongolola, motero mwana amakula akuliona ngati chilango. Utsogoleri wa m'kalasi kumeneko ndi wosinthana: lero uyu ayambitse moni, mawa wina. Ife timaika mwana mmodzi kuti aziyang'anira anzake teremu yonse, ndipo ena onse amaphunzira kumuopa kapena kumunyengerera ndi chitumbuwa.

Sikuti zonse za ku Japan n'zosiririka. M'chaka cha maphunziro cha 2022, ana pafupifupi 300,000 a kumeneko ankajomba kusukulu kwa nthawi yaitali. Nafenso tili ndi zathu zabwino. Kalasi yonse ikaimirira kupereka moni, kapena ikayimba nyimbo yowerengera manambala, mwana wamanyazi amalowa m'gulu mosavuta. Vuto n'lakuti kuyankhira pamodzi kumabisa amene watsalira. Mphunzitsi akafunsa kuti "Tili limodzi?", onse amavomera, ngakhale uja wakumbuyo amene milomo ikungogwedera.

Chiyambireni maphunziro aulere mu Januwale 2022, akumbuyowo achuluka. Boma linalemba aphunzitsi oposa 30,000 chaka chomwecho, ndipo madesiki akugulidwa ndi ndalama zachitukuko za CDF, koma makalasi ambiri a boma akadali odzaza. Amalawi amaikumbukira nkhaniyi, pakuti maphunziro aulere atayamba kwawoko mu 1994, ana a pulayimale anachoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. M'kalasi yodzaza mwana akhoza kumaliza teremu mphunzitsi asanatchule dzina lake. Wa ku sukulu yolipira ku Kabulonga kapena Woodlands, kumene ana ndi ochepa, amadziwika tsiku loyamba, ndipo kusiyana kwa awiriwa kumayambira pamenepo.

Zambia inatengapo kale nzeru ku Japan. Mu 2005, mothandizidwa ndi bungwe la ku Japan la JICA, aphunzitsi a ku Central Province anayamba kukonzera pamodzi phunziro, kuonerera mnzawo akuphunzitsa, kenaka n'kukambirana. Njirayi inafalikira m'zigawo zina. Kusinthana maudindo a ana n'kosavuta kuposa pamenepo, ndipo sikufuna ngwee. Mphunzitsi wa giredi 3 angagawe ana m'timagulu ta asanu ndi mmodzi, kagulu kalikonse n'kukhala ndi tsiku lake losesa, lofufuta bolodi ndi logawa mabuku. Pofika Lachisanu amakhala ataitana mwana aliyense ndi dzina, ngakhale kamodzi kokha.