Gulu Lanu Lisanagule Kamera, Yambani Mwasankha Diso Lake

Amayi anzanga, magulu athu ambiri kuno ku Karonga sakulekezeranso pa malonda a mpunga, usipa ndi nthochi. Ena ayamba kusonkha ndalama za banki m'khonde kuti agule kamera yaikulu, ncholinga choti mtsikana wa m'gulu aphunzire kujambula maukwati, maubatizo ndi misonkhano, phindu lake lizilowa m'thumba la gulu. Maganizo amenewa ndi abwino ndithu. Koma m'magulu amene ndimayendera ndaona kuti amayi amatha masiku akukambirana za kamera, osatchulako lenzi, galasi lija limamangidwa kutsogolo kwa kamera. Chonsecho lenzi ndiye diso la kamera, ndipo nthawi zina mtengo wake umaposa wa kamera imene. Chitsikireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, katundu wochokera kunja sagulidwa kawiri. Mukalakwitsa posankha, ndalama za amayi makumi awiri zapita.

Tanthauzo la manambala

Kamera zimene ogulitsa amazitcha full frame zili ndi kachipangizo kolandira kuwala ka mamilimita 36 m'litali ndi 24 m'lifupi, kofanana ndendende ndi chithunzi chimodzi cha pa filimu ija ankagwiritsa ntchito ojambula akale. Lenzi ya zumu ndi imene imakulolani kukokera chinthu pafupi kapena kuchikankhira kutali inu mutaima pamodzimodzi. Nzeru imeneyi si yalero. Kampani ya Voigtländer inatulutsa lenzi yotere ya kamera za filimu mu 1959.

Pa lenzi iliyonse pamalembedwa manambala a mitundu iwiri. Oyamba ndi monga 24-70mm kapena 24-105mm. Nambala yaing'ono ikuuzani kukula kwa malo amene angalowe m'chithunzi. Yaikulu ikuuzani m'mene lenziyo ingakokere chinthu chakutali. Pa 24 mpingo wonse umalowa, pa 105 nkhope ya mkwatibwi imadzaza chithunzi inu muli cha uko.

Achiwiri ndi monga f/2.8 kapena f/4. Amenewa akunena za kukula kwa kabowo kolowera kuwala. Apa mumvetse bwino, chifukwa zimayenda mozondoka: nambala ikachepa ndiye kuti bowo lakula. Lenzi ya f/2.8 imalowetsa kuwala kowirikiza kawiri kuposa ya f/4, ndipo ya f/4 kowirikiza kawiri kuposa ya f/5.6. Ganizani za khitchini ziwiri, ina ya zenera lalikulu, ina ya kazenera kakang'ono. Masana zonse ziwiri mumaona bwino mkati mwake. Kusiyana kwake kumaoneka dzuwa likapendeka.

Malenzi atatu amene mudzawapeze

Yoyamba ndi imene kawirikawiri imabwera pamodzi ndi kamera, monga 28-70mm f/3.5-5.6. Ndi yotsika mtengo ndiponso yopepuka. Vuto lake ndi lakuti mukamakokera chinthu pafupi bowo lija limanka lichepa, kotero kuti m'nyumba yamdima zithunzi zimatuluka zosaoneka bwino.

Yachiwiri ndi 24-105mm f/4, kapena 24-120mm f/4 ya kampani ya Nikon. Imeneyi imafika patali, ndipo bowo lake silisintha ngakhale mukokere mpaka kumapeto.

Yachitatu ndi 24-70mm f/2.8, imene ojambula maukwati m'mizinda amaikonda. Imaona bwino mumdima koma sifika patali, ndi yolemera, ndipo mwa zitatuzi ndiyo yokwera mtengo kwambiri.

Tsono musayembekezere kupeza zonse m'lenzi imodzi pa ndalama za gulu. Kufika patali, kuona mumdima ndi kupepuka sizikhalira pamodzi. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Kodi mudzajambula kuti?

Ili ndilo funso loyenera kuyankhidwa ndi gulu lonse musanatulutse ngakhale tambala. Khalani pansi, mlembi atenge kope, mulembe ntchito khumi zimene mukuyembekezera kuzipeza chaka choyamba. Pa ntchito iliyonse lembani ngati ili ya panja kapena ya m'nyumba, ya masana kapena ya usiku.

Ngati ntchito zambiri ndi za panja, musataye ndalama pogula kuwala, chifukwa dzuwa la ku Karonga ndi laulere. Taganizani za bwalo la mapenenga kapena ndolo, pamene simungalowe pakati pa ovina. Taganizani za asodzi akukocheza m'mawa ku Chilumba, kapena amayi akuoka mpunga ku sikimu ya Hara, Wovwe kapena Lufilya, inu muli pamzere wa munda ndipo pakati pali matope. Pamalo onsewa chosowa ndi kufika patali, ndiye 24-105mm f/4 ikutumikirani koposa.

Koma ngati ntchito zambiri ndi za m'tchalitchi cha mazenera ang'onoang'ono, kapena madyerero a ukwati opitirira mpaka madzulo, ya f/2.8 ili ndi phindu lake. Poti imalowetsa kuwala kochuluka, kamera imatsinzina mwamsanga, ndipo munthu woyenda amagwidwa bwinobwino osaoneka ngati mzukwa. Imathanso kufafaniza zakumbuyo kuti nkhope yokha ioneke mwaudongo, chimene akwati ambiri amachifuna.

Pali zinthu ziwiri zimene wogulitsa sangafulumire kukuuzani. Choyamba, pojambula gulu la anthu oima mizere itatu, wojambula amayenera kuchepetsa bowo kufika pa f/5.6 kapena f/8 kuti a kutsogolo ndi a kumbuyo omwe aoneke bwino. Pamenepo lenzi yodula ija ndi yapakatiyo zimagwira ntchito yofanana. Ngati malonda anu adzakhala a zithunzi za magulu, makwaya ndi ana a sukulu, f/2.8 mudzailipira koma osaigwiritsa ntchito kwenikweni. Chachiwiri, malenzi ambiri ali ndi kachipangizo koletsa kunjenjemera, kamene a Canon amalemba IS, a Nikon VR, a Sony OSS. Kameneka kamathandiza dzanja la wojambula likamagwedera, koma sikaimitsa mwana wothamanga kapena mayi wovina. Musamve kuti kamalowa m'malo mwa bowo lalikulu.

Onaninso nambala yoyambira. Pakati pa 24 ndi 28 pakuoneka ngati palibe kanthu, koma m'chipinda chopanikiza pamene msana wagunda khoma, pa 28 anthu a m'mphepete amadulidwa. Amene munalowapo m'nyumba yosungira zakale ya pa boma pa Karonga, imene inatsegulidwa mu 2004, mukudziwa kutalika kwa chilombo chija chotchedwa Malawisaurus. Pofuna kujambula ana a sukulu pamodzi ndi chinthu chachitali chotero, mudzathokoza kuti lenzi yanu imayambira pa 24.

Amene adzainyamule ndani?

Ukwati wa kumudzi ndi ntchito ya tsiku lathunthu, kamera ili m'khosi. Lenzi ya Nikon ya 24-70mm f/2.8 imene inatuluka mu 2015 imalemera magalamu 1,070, kuposa paketi ya shuga ya kilogalamu imodzi, kamera tisanaiwerengere. Ya Canon ya 24-70mm f/2.8 ya mu 2012 imalemera magalamu 805, pamene ya Canon ya 24-105mm f/4 ya mu 2005 imalemera magalamu 670. Ya Tamron ya 28-75mm f/2.8, imene inatuluka mu 2018 yopangidwira kamera za Sony, imalemera magalamu 550 okha, ndipo mtengo wake ndi wotsikirapo. Cholipira chake ndi chakuti imayambira pa 28. Lolani mtsikana amene adzagwire ntchitoyo ainyamule ndi manja ake musanalipire.

Chivundikiro chilingane ndi mphika

Si lenzi iliyonse imalowa pa kamera iliyonse. Ya Canon silowa pa Nikon. Ngakhale m'kampani imodzi muli mitundu: mu 2018 Canon inayambitsa mtundu wa RF ndipo Nikon wa Z. Lenzi yakale ya Canon ya EF imatha kugwira ntchito pa kamera ya RF mukagula kachitsulo kolumikizira, koma ya RF singalowe pa kamera yakale. Chenjeraninso ndi malenzi olembedwa EF-S kapena DX, chifukwa anapangidwira kamera zocheperapo, osati za full frame. Ngati mukutuma wachibale wa ku Johannesburg kapena wamalonda wopita ku Dar es Salaam, mlembereni dzina lonse la kamera yanu, chilembo ndi chilembo, ndipo abwere ndi lisiti. Safunsa anadya phula.

Mukamagula yogwirapo kale ntchito

Magulu ambiri adzakwanitsa yakale, ndipo palibe chochititsa manyazi pamenepo. Koma chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere. Chotsani zitsekero zonse ziwiri, muunike mkati ndi tochi ya foni. Mukaona timizere tonga ulusi wa kangaude, chimenecho ndi chuku chimene chamera pa galasi, ndipo chikakhalitsa chimaliononga. Isiyeni. Zungulitsani zumu kuchokera poyambira mpaka kumapeto, mumve ngati ikuyenda mosalala. Kenaka imangeni pa kamera yanu, mujambule chapafupi ndi chakutali, muone ngati zonse zikutuluka bwino.

Mukagula, kumbukirani kuti kutentha ndi chinyontho cha kunyanja kuno ndizo zimameretsa chuku. Nyengo ya dzinja musaisiye m'chikwama chansalu kapena m'sutikesi ya zovala. Iikeni m'bokosi lotseka bwino pamodzi ndi timapaketi toyamwa chinyontho tija timapezeka m'makatoni a nsapato zatsopano. Musaikwirire mumpunga ayi, fumbi lake lingalowe mkati.

Malangizo anga kwa gulu limene lili ndi ndalama za lenzi imodzi yokha ndi awa: ngati pa ntchito khumi zija zisanu ndi ziwiri ndi za panja kapena za magulu a anthu, gulani 24-105mm f/4, ndalama zotsala mugulire batire lachiwiri ndi nyale ya kamera. Ngati zambiri ndi za mumdima, pirirani miyezi ingapo, musonkhe zokwanira ya f/2.8. Ndipo chimene mwagwirizana chilembedwe m'buku la gulu pamodzi ndi chifukwa chake, kuti mawa pasadzakhale wolozedwa chala.