Kuyenda ndi M'bale Amene Akulandira Mankhwala a Khansa

Lero tifuna kukamba za mankhwala amphamvu aja a khansa amene madokotala amaŵatcha chemotherapy, pakuti alipo mabanja amene amaŵasiyira panjira chifukwa cha mantha.

Kaŵirikaŵiri timamva achibale akudandaula kuti: "Tidapita naye kuchipatala akuyenda yekha, koma chilandirireni mankhwala tsitsi latha, akungosanza, nsima sakuifunanso. Kodi si mankhwalaŵa akumupha?" Tsono banja limakhala upo nkugwirizana kuti wodwala asabwererenso. Ena amathamangira kwa sing'anga poganiza kuti pali dzanja la munthu. Ena amapita kwa mneneri amene amalamula kutaya mankhwala. Mantha ameneŵa sitikuŵanyoza ayi, chifukwa amachokera m'chikondi. Koma chikondicho chikusoŵa kuunikiridwa.

Thupi lathu Mulungu adaliumba ndi tizidutswa tamoyo ting'onoting'ono totchedwa maselo. Khansa imayamba pamene maselo ena ayamba kuchulukana mosalekeza, ngati udzu m'munda wosapalira. Mankhwalaŵa amasaka maselo ochulukana msanga ndi kuŵapha. Komatu maselo a tsitsi, a m'kamwa, a m'matumbo ndi a m'kati mwa mafupa, mmene mumapangidwa magazi, nawonso amachulukana msanga, choncho amavulala nawo. Tonse tidziŵa kuti khasu popalira limakhapako ndi chimanga. Chimangacho chimatsitsimuka chikapatsidwa nthaŵi, ndipo nchifukwa chake dokotala amapumitsa wodwala, nthaŵi zambiri masiku 21, asanamupatsenso mankhwala ena. Tsitsi limameranso mankhwala akatha. Koma mlimi akasiya khasu pakati pa mzere, udzu umabwerera ndi mphamvu. Ngati wodwala wafooka koposa, amene angachepetse mankhwala kapena kusintha tsiku ndi dokotala, osati upo wa pabanja.

Pali chizindikiro chimodzi chimene tikupempha kuti musachiiŵale. Kuyambira pa tsiku la 7 kufikira la 14 chilandirireni mankhwala, asilikali a m'magazi amakhala atachepa kwambiri, ndipo kanthenda kamene ife tikanangokapirira kangathe kutenga moyo wa wodwala msangamsanga. Thupi likatentha kufika madigiri 38, kapena wodwala akayamba kunjenjemera, musamupatse Panado nkudikira kuti kuche. Pitani naye kuchipatala chapafupi nthaŵi yomweyo, ngakhale ndi usiku, mutanyamula buku lake la kuchipatala, ndipo munene pofika kuti akulandira mankhwala a khansa. Masiku onse azigona m'neti, azimwa madzi oŵiritsa, ndipo womusamala azisamba m'manja ndi sopo.

Pamenepa mwambo wathu wabwino wozonda odwala usanduke wanzeru. Khansa sipatsirana, mbale imodzi tingadyere naye, dzanja tingamugwire. Choopsa ndi chimfine ndi chifuwa zimene ife timabwera nazo. Limana kapena mphakati wathunthu ukadzaza m'kachipinda nkuimba mpaka dzuŵa kuloŵa, wodwala amamwetulira mwaulemu, koma mkati watheratu. Bwerani aŵiriaŵiri, pempherani mwachidule, ndipo nkhani ya uje amene adamwalira ndi nthenda yomweyi muisiye pakhomo.

Za chakudya tingonena izi: musamukakamize, ndipo akakana musaganize kuti wanyoza kuphika kwanu. Phala lofeŵa, nthochi, dzira lophika bwino, pang'onopang'ono koma kangapo pa tsiku, opanda tsabola ngati m'kamwa muli zilonda. Mankhwala oletsa kusanza alipo; apempheni. Zitsamba zilizonse zimene achibale abweretsa, yambani mwamuuza dokotala.

Tikamayenda Njira ya Mtanda, pa malo achisanu timakumana ndi Simoni wa ku Kirene. Tikumbuke kuti Simoni sadadzipereke yekha. Asilikali adachita kumugwira akuchokera kumidzi. Momwemonso mayi amene akugona pansi pa simenti ku Gulupu ku Blantyre kapena ku Kamuzu Central ku Lilongwe sadasankhe mtandawo, ndipo tsiku lina amatopa, amapsa mtima, nkudzayamba kudziimba mlandu. Kutopa si tchimo. Koma ife a mumphakati tili kuti pamene munda wake ukutuŵa ndipo ana ake akugona ndi njala? Banja lochokera ku Nsanje kapena ku Mchinji lingaphonye tsiku la mankhwala chifukwa chosoŵa ndalama ya basi basi. Kusonkha ndalama imeneyo, kupalira munda, kulandizana udikiriro sabata ndi sabata, ndiwo malo achisanu a masiku ano. Timasonkha msanga pa maliro. Pa ulendo wa kuchipatala timazengereza.

Kunena zoona, si khansa iliyonse imene imachira. Dokotala akanena kuti mankhwala angochepetsa nthenda, tisamunamize wodwala akafunsa, ndipo tisaope mankhwala oletsa ululu monga morphine, pakuti Eklezia amalola.

Kwa inu akatekisiti, mawu aŵa. Akhristu ambiri amaopa kuitana wansembe poyesa kuti mafuta oyera ndi otsanzikira. Msonkhano Wachiŵiri wa ku Vatican, umene udachitika kuyambira 1962 mpaka 1965, udaphunzitsa kuti Sakramenti la Kudzoza Odwala si la okhawo amene ali pafupi kutsirizika, ndipo mu 1972 Papa Paulo VI adakhazikitsa mwambo wake watsopano. Mkhristu wodwala khansa yoika moyo pangozi angadzozedwe akuyamba kumene mankhwala, ndipo angadzozedwenso nthenda ikakula. Akalephera Misa ya Lamulungu chifukwa cha kufooka, alibe mlandu. Mupereke dzina lake kuparishi kuti Ukaristia umpeze kunyumba. Lamulo losala chakudya ola limodzi asanalandire silimumanga iyeyo, ngakhalenso amene akumusamala.