Mafoni akamalankhulana okha popanda nsanja, amagawa mpata ndani?

Sabata yatha mu Fomu 3 tinkaphunzira za mafunde. Mtsikana wina wakumbuyo anakweza dzanja: "Aphunzitsi, ndikaimbira mnzanga wa pa desiki yoyandikana ndi yanga, mawu anga amadutsa kuti?" Ndinamuuza kuti amachoka pa foni yake, amapita ku nsanja ya netiweki, amadutsa m'makina a kampani, kenako n'kubwerera kwa mnzakeyo amene ali pa mtunda wa mita imodzi yokha. Ndiye nsanja ikasiya kugwira ntchito, monga zinachitikira m'madera ena akum'mwera pa nthawi ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, anthu awiri oyandikana sangaimbirane ngakhale mafoni awo ali ndi moto.

Vuto limeneli akatswiri analiona kale. Bungwe la 3GPP, lomwe limalemba malamulo a kagwiridwe ntchito ka 4G ndi 5G, linaika njira yotchedwa sidelink mu Release 12 yomwe inamalizidwa mu 2015. Ndi sidelink, chipangizo chimatumiza uthenga molunjika ku chinzake. Amene ankaifuna kwambiri anali apolisi, ozimitsa moto ndi opulumutsa anthu pa ngozi.

Komatu apa pali nkhani. Mukudziwa zimene zimachitika ndikangotuluka m'kalasi: aliyense amayamba kulankhula, ndipo palibe amene amamva mnzake. Mafunde a wailesi nawonso n'chimodzimodzi. Zipangizo ziwiri zoyandikana zikatumiza pa frequency imodzi nthawi imodzi, mafundewo amasakanikirana ndipo wolandira amangomva phokoso.

N'chifukwa chake mpata wa mu mlengalenga umadulidwa tizigawo, ngati timetable ya pasukulu. Mu 4G, kachigawo kamodzi kamatenga 180 kHz m'mbali ya frequency, ndipo nthawi imagawidwa pa milisekondi imodzi imodzi. Funso ndi lakuti, ndani atenge kachigawo kati?

Pali njira ziwiri. Mu Mode 1, nsanja ikadalipo ndipo ndi imene imagawa. Uthenga sudutsa pa nsanjapo ayi, iyo imangoloza kuti uyu atumize apa, uyo atumize apo. Mu Mode 2 nsanja palibe, ndiye chipangizo chimadzisankhira chokha, mwachisawawa, pa gulu la tizigawo lomwe linaikidwiratu mkati mwake. Zipangizo zikakhala zochepa zimayenda bwino, koma zikachuluka zimayamba kuwombana.

Mu 2017, Release 14 inabweretsa sidelink ya magalimoto, yogwira ntchito pa 5.9 GHz, ndi nzeru yatsopano yotchedwa Mode 4. Galimoto imayamba yamvetsera zimene zachitika pa sekondi imodzi yapitayo. Imachotsa tizigawo tomwe anzake atenga kale, n'kutsala ndi 20 peresenti ya tizigawo topanda phokoso kwambiri, ndipo pamenepo imasankha kamodzi mwachisawawa. Bwanji osangotenga kabwino kuposa tonse? Chifukwa galimoto yoyandikana nayo yamva zomwezo, ndiye nayonso ingathamangire komweko. Ikasankha, imalengeza kuti ibwereranso pamalo omwewo, mwachitsanzo pakatha mamilisekondi 100 aliwonse, kwa maulendo 5 mpaka 15, kenako ikhoza kusankhanso.

Tiyeni tiwerengere limodzi kuti muone kufunika kwake. Galimoto yothamanga makilomita 100 pa ola imayenda pafupifupi mamita 28 pa sekondi. Uthenga umodzi wakuti "ndamanga mabuleki" ukatayika, n'kudikira wina pakatha mamilisekondi 100, yakumbuyo imakhala itayenda kale mamita 2.8. Atatayika atatu motsatizana, ndi mamita oposa 8. Eetu, kugawa tizigawo ndi nkhani ya moyo.

Mavuto awiri amatsalabe. Loyamba, chipangizo sichingamve pamene icho chikutumiza. Lachiwiri, taganizani magalimoto A ndi C otalikirana moti sakumvana, pakati pawo pali B. A ndi C akhoza kusankha kachigawo kamodzi aliyense akuganiza kuti kalibe mwini, ndipo wovutika ndi B. Mu Release 17 ya 2022 anawonjezera njira yoti zipangizo zizithandizana: B akhoza kuuza A tizigawo toyenera kupewa, kapena kumuchenjeza kuti wasankha pamene pali kale wina.

Musathamangire kufufuza sidelink mu foni yanu, mafoni ambiri amene tili nawo alibe. Koma Bluetooth imene mumatumizirana nyimbo imalimbana ndi vuto lomweli mwa njira yake: imadumphadumpha pa tinjira 79 ta pa 2.4 GHz, maulendo 1,600 pa sekondi, kuti ikawombana ndi ina pakamodzi, ipulumuke pa kotsatira.

Ntchito yakunyumba nayi. Gwiritsani ntchito v = fλ, liwiro likhale mamita 300,000,000 pa sekondi, mupeze kutalika kwa funde la 5.9 GHz ndi la 2.4 GHz m'masentimita. Lalitali ndi liti? A Fomu 3, mayankho ndiwafuna Lolemba.