Kuphiphiritsa m'Chiyankhulo cha Akazembe: Za Liu Losowa m'Chigamulo 242

M'nkhani ino tifuna kuona m'mene kuphiphiritsa kumagwirira ntchito pamene maiko akukambirana. Ambiri amayesa kuti chikalata cha mgwirizano chikamveka pawiri ndiye kuti mlembi wake anali wosasamala. Ife tikuona kuti nthawi zina kumveka pawiriko kumakhala kwadala, ndipo chitsanzo chimene tasankha ndi Chigamulo 242 cha nthambi yoona za chitetezo m'bungwe la United Nations.

Pa nkhondo ya masiku 6, kuyambira pa 5 kufikira pa 10 June 1967, dziko la Israel linalanda Sinai ndi Gaza m'manja mwa Egypt, West Bank pamodzi ndi kum'mawa kwa Jerusalem m'manja mwa Jordan, ndiponso mapiri a Golan m'manja mwa Syria. Maiko a Aluya, mothandizidwa ndi Soviet Union, anafuna kuti asilikali a Israel abwerere kumene anali nkhondo isanayambe. Israel sanafune kulonjeza zotero popanda pangano la mtendere ndi kukambirana za malire, ndipo United States inali kumbali yake. India, Mali ndi Nigeria anapereka chikalata chonena za madera onse, koma sichinafike povoteredwa. Chimene maiko onse 15 anavomereza pa 22 November 1967 chinali cha kazembe wa Britain, Lord Caradon.

Mau amene akhala akukanganitsa anthu ndi onena kuti asilikali a Israel achoke "from territories occupied in the recent conflict". Wodziwa Chingerezi aona kuti patsogolo pa dzina lakuti "territories", ndiye kuti madera, palibe kaliu kaja "the". Kaliu kameneka kakakhalapo, dzina limaloza gulu lodziwika, lathunthu. Kakasowa, kukula kwa gululo sikunenedwa: angakhale madera onse, angakhale ena. Pamenepa ndi pamene a ku Israel amatsamira, nanena kuti sanauzidwe kuchoka konse. Koma m'Chifalansa munalembedwa "des territoires occupés", ndipo "des" pamalo pamenepa ndi mau awiri ophatikizana, "de" ndi "les", wachiwiriyo ndiye mnzake wa "the". Motero Aluya amawerenga kuti ndi madera onse. Pa nthawiyo Chingerezi ndi Chifalansa ndizo zinali ziyankhulo zogwirira ntchito za nthambiyi, kotero palibe mbali imene tinganene kuti inangopeka tanthauzo lake.

Tisaganize kuti kumveka pawiriku kwagona pa kaliu kokhako. Mau oyamba a chigamulochi akuti kutenga dziko pomenya nkhondo n'kosaloledwa, ndipo amenewa amakomera Aluya. Patsogolo pake akuti dziko lililonse m'chigawocho liyenera kukhala mwamtendere m'malire otetezeka ndi ovomerezeka, ndipo amenewa amakomera Israel, pakuti malire ake sanatchulidwe kuti ndi ati. Sananenenso chimene chiyenera kuyamba, kuchoka kwa asilikali kapena mtendere. Nthumwi iliyonse inapatsidwa chiganizo choti ikaonetse kwao, ndipo kazembe wa India anachita kunena poyera kuti dziko lake lavomereza pomva kuti ndi madera onse.

Kwa ife ophunzira chiyankhulo, nkhaniyi imakoma tikayesa kuitembenuza. Chichewa chilibe liu lofanana ndi "the". Tikati "achoke m'madera olandidwa", Mchewa samva kuti pasowa kanthu, chifukwa ndimo m'mene timayankhulira tsiku ndi tsiku; ndipo tikhulupirira kuti omvera ambiri angamve kuti ndi madera onse. Tikati "m'madera onse olandidwa" taimira Aluya. Tikati "m'madera ena olandidwa" tapitirira ngakhale pamene Chingerezi chinalekeza, pakuti "ena" akutsimikiza kuti alipo otsala. Mau olozera monga "aja", kapena "-wo" wa mu "maderawo", atifikitsa ku Chifalansa. Tiona tsono kuti m'Chingerezi kusowa kwa kaliuko kumamveka chifukwa womvera amakayembekezera, pamene m'Chichewa palibe choyembekezera, ndipo wotanthauzira sangasunge kuphiphiritsako popanda kuonjezera mau ofotokoza. Vuto lomweli lili m'Chirasha, chimenenso chilibe liu lotere.

Kodi njira yozungulirayi inapindula chiyani? Inapatsa adani chikalata chimodzi choyambirapo. Gunnar Jarring wa ku Sweden, amene anatumidwa kukhala mkhalapakati, anayendayenda zaka zingapo osaphula kanthu. Komabe pangano la Camp David la 1978 linamangidwa pa chigamulo chomwechi, ndipo Egypt atasainirana mtendere ndi Israel mu 1979 analandira Sinai mu 1982, kupatula kadera ka Taba kamene kanabwezedwa mu 1989. Jordan anatsatira mu 1994. Apalestina, amene m'chigamulomo sanatchulidwe dzina koma anangobisika m'mau akuti vuto la anthu othawa kwao, anachikana kufikira 1988. Ku Golan, Israel anakhazikitsa malamulo ake mu 1981, ndipo za West Bank mbali ziwirizi zikali kuwerenga chiganizo chimodzi chija mosiyana, ina m'Chingerezi, ina m'Chifalansa.